Kulibe Apongozi ku Mars

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi la maphunziro athu ndinadutsa apongozi anga ngati ndikudutsa chitsa. Ndikuti apongozi pongodzitonthoza, chifukwa panthawiyo Mayi Eulogia anali asanavomere n'komwe kuti mwana wawo Nolberto anditenge.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, otsekeredwa milungu iwiri m'chitenti choyera mmunsi mwa phiri la Láscar, pa chiphalaphala chouma chomwe phirilo linalavula kalekale. Tinkayeserera moyo wa anthu amene tsiku lina adzapite ku Mars. Ine Yasna Olivares, mwana wa kugombe ku Antofagasta, ndinalowamo chifukwa cha sukulu yanga ya miyala. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukangovala chovala cha oyenda mumlengalenga ndi chisoti chake chagalasi n'kutuluka panja, sulinso pa Dziko. Ukaona nkhandwe, kulibe nkhandwe. Ukaona galimoto, kulibe galimoto. Ukaona munthu, usamuyang'ane, usamuyankhe, pakuti ku Mars kulibe anthu. Wophwanya lamuloli ankalongedza katundu tsiku lomwelo, dzina lake n'kufufutidwa pa ulendo wa chaka chamawa. Ndinasayina ndikuseka, poganiza kuti palibe wamisala amene angayende m'chipululu chimene chija.

Nolberto Chocobar ndiye ankayendetsa galimoto ya madzi ndi chakudya kuchokera kwawo ku Talabre. Tinadziwana zaka ziwiri zapitazo, galimoto yanga itatitimira m'phulusa la phirilo. Anafika, anazungulira galimotoyo kawiri, n'kundifunsa kuti, "Sukulu yonseyi, aphunzitsi anu anaiwala kukuuzani kuti phulusa si msewu?" Ndinamuda kwa mlungu wathunthu. Mlungu wachiwiri ndinamuimbira foni ndekha.

Mayi ake ndiwo anali chipupa. Anandiona kamodzi kokha, anayang'ana nsapato zanga, n'kuuza mwana wawo ine ndili pomwepo kuti, "Ana a kugombe sakhalitsa kuno. Mphepo ikangowomba, amakumbukira kwawo." Patapita miyezi yambiri anafewa pang'ono, nati tikamaliza maphunziro adzanena ngati Lamlungu lake adzaperekeze mwana wawo kukaonekera kwa makolo anga. Nolberto ndi mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye. Popanda mayi akewo sakanapita, ndipo ine ndinkadziwa.

Ndiye mmawa umenewo ndinali nditagwada pampata wa mapiri, mnzanga Fermín ali kumbuyo ndi kamera. Pakati pa miyala yakuda yowunjikana pang'ono ndinaona umodzi wofiira, wosalala mbali imodzi. Ndinautola, ndinauika m'kathumba, n'kulembapo nambala 23. Nditadzutsa mutu ndinangoona miyendo ya malama, ziweto zaubweya zonga ngamila zazing'ono, kenako siketi yakuda, kenako chipewa chomwe ndinkachilota n'kutulo komwe.

"Mwadzuka bwanji, mwana wanga?" anatero Mayi Eulogia.

Mwana wanga! Mawu amene ndinawadikira zaka ziwiri anabwera pa tsiku limene ndinalibe pakamwa.

M'khutu mwanga munalira wailesi. Anali Maritza Tejerina, amene ankakhala kumsasa wa oyang'anira n'kumaona chilichonse chimene makamera athu ankaona. Maritza ndi wa ku Talabre komweko. Anakulira limodzi ndi Nolberto, Mayi Eulogia ndiwo anamunyamula pa ubatizo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mpongozi wa kumtima kwawo anali iyeyo.

"Yasna, waimiranji? Patsogolo pako palibe kanthu. Pitirira."

"Maritza, ukuwaona bwino amene aima apa."

"Ine ndikuona miyala. Ku Mars kulibe apongozi, achemwali. Yenda."

"Mwadzuka bwanji?" anabwereza amayi aja, mokweza pang'ono.

Ndinagwira njakata. Kuyankha, ntchito ya zaka zinayi yathera pompo. Kusayankha, ukwati wathera pompo. Thukuta linkatsikira m'maso, kolipukuta kulibe. Atapereka moni wachitatu ndinaimirira, ndinakhotetsa nkhope, n'kuwadutsa pafupi kwambiri moti ndinaona ulusi wofiira m'makutu mwa lama wawo wamkulu. Sindinacheuke mpaka ndinafika pachitenti.

*

Mauthenga athu a kunyumba ankachedwetsedwa dala mphindi makumi awiri, monga zimakhalira pakati pa Dziko ndi Mars, ndipo onse ankadutsa m'manja mwa Maritza. Masiku oyambirira Nolberto ankasewera nazo. "Ndimakukonda," ankalemba, "koma pofika uthengawu mwina ndasintha maganizo, ufunsenso."

Masana a tsiku lija ndinalemba ndisanavule n'komwe nsapato.

"Nolberto, ndakumana ndi amayi kumpata. Andipatsa moni katatu, ine osayankha. Si mwano, ndi lamulo lija. Chonde uwafotokozere."

Mphindi makumi anayi zinadutsa. Zii. Ndinalembanso.

"Wakwiya? Ngati wakwiya, nditukwane, bola ndimve mawu ako."

Kunacha, kunada, kunachanso. Anzanga ankalandira zithunzi za ana awo, za agalu awo, Fermín mpaka ankalandira nkhani za mpira. Ine ndinkangoyang'ana pagalasi la kompyuta lopanda kanthu. Pa tsiku la khumi ndi chimodzi, nthawi yopereka malipoti a mmawa, ndinalephera kuugwira mtima.

"Maritza, palibe uthenga wanga?"

"Kuno ku Dziko kuli zii, Mars. Mwina anthu atanganidwa."

"Nolberto anabwera ndi madzi lero?"

"Eetu, anabwera. Tinamwera limodzi tiyi, ndinamuphikira ndi mazira omwe. Ukudziwa kuti sakonda aawisi pakati? Ayi, ungadziwe bwanji, inu a m'tauni mumadyera m'malesitanti."

"Ananena chiyani za ine?"

"Za iwe? Dikira ndikumbuke." Anakhala chete dala, ndinkamumva akutafuna chinachake. "Ayi, tinangokamba za kumudzi. Mabatire a chovala chako ali bwanji? Lipoti langa likufuna zimenezo."

Ndikanakhala naye pafupi, sindikudziwa chimene ndikanamuchita ndi nyundo yanga yoswera miyala. Ndinamuuza za mabatirewo mwaulemu wonse, chifukwa mawu athu onse ankajambulidwa.

Pakhomo pa chitenti panali chogwirira chofiira. Ukachikoka, chitseko chimatseguka, maphunziro ako n'kuthera pomwepo. Ku Talabre ndi mtunda wa maola anayi wapansi. Masana ena ndinaima pachogwiriracho nthawi yaitali, mpaka Fermín anabwera ndi makapu awiri a khofi.

"Ukachikoka, ukanena chiyani kwa amayiwo?" anafunsa.

"Ndikapepesa."

"Ndiye kuti unawadutsa pachabe. Lamulo unalisunga Lamlungu, lero walitaya. Iwo adzati mwana uyu sadziwa moni, sadziwanso kumaliza chimene wayamba." Anandipatsa kapu. "Mkazi wanga akanakhala pano akanakuuza zanzeru kuposa izi, koma uli ndi ine. Imwa khofi."

Ndinamwa. Ndinkaopa, ndinkamusowa Nolberto koopsa, ndipo ndinali nditayamba kukhulupirira kuti Maritza wapambana. Komabe ndinkalemba tsiku ndi tsiku, ngati munthu wothirira mbewu yomwe akudziwa kuti inauma.

*

Lachisanu mmawa anatitsegulira. Mphepo yoyamba kundiwomba kumaso popanda galasi inanunkha sulufule ndi fumbi, koma ndinaikoka ngati mafuta onunkhira. Akuluakulu a maphunziro ankawomba m'manja, wina akujambula. Ine maso anga ankasaka chipewa chimodzi.

Nolberto anali atatsamira galimoto yake, ndevu zosameta, maso ofiira. Sindinadziwe kuti ndithamange kapena ndiyende. Iye ndiye anathamanga. Anandinyamula mpaka mapazi anga analekana ndi nthaka, pamaso pa anthu onse aja.

"Iwe, Mayi wa ku Mars, ukununkhatu," anatero. "Milungu iwiri osasamba?"

"Ndisiye! Masiku asanu osandiyankha, lero ukundinyamula?"

"Osakuyankha? Ine?" Anatulutsa foni. "Werenga. Mauthenga makumi atatu ndi umodzi. Ako onse ndinkalandira, ndinkayankha, kenako n'kulandira wina wondifunsa ngati ndakwiya. Ndinatsala pang'ono kugumula chitenti chanucho ndi galimoto."

Ndinalanda foniyo. "Sindinakwiye, wopusa iwe, gona." Wina: "Usatuluke. Ukatuluka ndiye ndikwiya." Wina: "Lama wa amayi akuti iyenso sunamupatse moni, koma wakukhululukira." Ndinaseka misozi ikugwera pagalasi la foniyo. Katundu amene ndinamusenza masiku asanu anatsika mwakamodzi, ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Nanga bwanji sankafika?"

"Ndinapita kwa mkulu wanu kukachita phokoso. Anandionetsa pepala. Ukukumbuka lija lofunsa ngati ukufuna kumva nkhani zokhumudwitsa za kunyumba uli mkati, kapena azikusungira mpaka utatuluka?"

Ndinakumbuka. Ndinasankha zoti azindisungira, poganiza za maliro ndi matenda.

"Unasayina wekha. Ndiye wosankha kuti uthenga uwu ndi wokhumudwitsa, uwu ayi, ndi wa pawailesi. Anga onse anawaika m'gulu la maliro."

Maritza anali chapatali, akukweza mabokosi a miyala yathu m'galimoto yopita ku Calama, komwe amakakwera ndege kupita kokachekedwa ndi kupimidwa. Ndinapita pomwe anali. Sanasiye ntchito yake.

"Takulandirani ku Dziko, achemwali. Mwaondatu."

"Uthenga woti 'gona' ndi wokhumudwitsa?"

"Ndinangotsata pepala lako. Ndinaona kuti dzina lake lokha likukusokoneza mutu, ndinati ndikuteteze." Anamenya chitseko cha galimoto. "Ndisanaiwale, kanema wa tsiku lija ndinakawaonetsa amayi anga a ubatizo. Anati ndiwabwerezere kanayi. Ukawapatse moni, ngati waphunzira."

Analowa m'galimoto, inanyamuka, fumbi lake n'kutsalira pa ife. Ndinatembenukira kwa Nolberto.

"Amayi akuti chiyani?"

Nkhope yake inasintha. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Sakuti kanthu. Ndawafotokozera mmawa ndi madzulo, iwo amangopota ulusi wawo. Dzulo ndiye anangoti, 'Akatuluka ubwere naye. Asayambe wapita kwina.'"

*

Tinafika ku Talabre dzuwa lili paliwombo. Mayi Eulogia anali pabwalo, atakhala pampando wamwala m'mbali mwa khoma, akupota ubweya. Kukhitchini kunkatuluka fungo la patasca. Ndinali nditakonza mawu anga njira yonse, koma nditangoona chipewa chija anabalalika onse. Ndinaima patsogolo pawo manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Amayi, ndabwera kudza..."

"Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu?"

"Ndadzuka. Mwadzuka bwanji?"

Ndinayang'ana Nolberto. Iye ankayang'ana kumwamba.

"Ndadzuka bwino, amayi."

"Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino ndithu, amayi."

"Eya. Atatu anga aja abwerera." Anaika ulusi pamiyendo. "Tsopano tingalankhule. Nolberto, kanditengere bokosi lili pamwamba pa kabati. Osati la mabulangete, mutu wakowo. Lamatabwa."

Nolberto anabwera nalo. Amayi aja anapukuta fumbi ndi m'mphepete mwa siketi, anatsegula, n'kutulutsa chigoba chakale chovinira, utoto wake utasuluka, ndevu zake za ubweya zitadyedwa ndi njenjete.

"Wachiona ichi? Mwana uyu ali ndi miyezi isanu anadwala chifuwa, tonse tinataya mtima. Ndinalonjeza kwa Amayi Maria a ku Ayquina kuti akachira ndidzawavinira zaka khumi ndi ziwiri. Anachira, si uyu waima apa ngati mzati. M'gulu lathu lovina, ukavala ichi sulinso Eulogia. Suyankha munthu, sumwa madzi a munthu, mpaka utachivula pakhomo pa tchalitchi. Chaka chachitatu amayi anga ondibala anayenda masiku awiri kudzandiona. Anaima m'mbali mwa njira, anandiitana dzina la paubwana. Ndinawadutsa."

Anasisita chigobacho ndi chala.

"Ndinalira m'kati umu mpaka utoto unandimata kumaso. Iwo sanandiyankhule mwezi wathunthu. Ndiye ine tsiku lija kumpata ndinapsa mtima, ndisakunamize. Ndinafika pano ndikutukwana malama osalakwa. Kenako Maritza anabwera ndi kanema wake, akuti, 'Onani, amayi, mwano wa ana a m'tauni.' Ndinati bwereza. Anabwereza. Ndinati bwerezanso."

"Munaona chiyani, amayi?" anafunsa Nolberto.

"Iwe khala chete, masiku asanu wandisokosa mokwanira." Anatembenukira kwa ine. "Kamera ya mnzako uja inali kumbuyo kwako. Podutsa pa ine, dzanja lako lamanja linapita pachifuwa. Unalichotsa msanga, koma linapita. Bondo nalonso linapindika pang'ono. Maritza ankafuna ndione nkhope yokhota, ine ndinaona dzanja. Munthu amene anavalapo chigoba amadziwa poyang'ana."

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndinachita zimenezo.

"Ndinadikira chinthu chimodzi," anapitiriza. "Ndinati, akatuluka masiku ake asanakwane n'kuthamangira kuno kudzalira, ndiye kuti ndi amene ndinkamunena, wothawa mphepo. Tsiku lililonse ndinkayang'ana njira ya kuphiri. Sunabwere. Munthu wosunga lonjezo mtima ukumuwawa, ameneyo angathe kukhala m'nyumba ndi mwana wa malemu mwamuna wanga Casimiro, chifukwa mtundu umenewu ndi wotopetsa."

"Amayi!"

"Ndikunama? Bambo ako anandidikiritsa zaka zitatu asanatsegule pakamwa." Anabweza chigoba m'bokosi. "Lamlungu ndipita ku Antofagasta. Amayi ako amadya tchizi cha mbuzi?"

Pamenepo ndiye ndinalira zenizeni, kulira kosakongola, kwa mamina. Anandikoka n'kundikhazika pambali pawo, anandipukuta ndi nsalu yonunkha utsi, akung'ung'udza kuti ana a kugombe ali ndi madzi ambiri m'mutu. Nolberto anapita kuseri kwa nyumba, akuti kukaona malama, koma pobwera maso ake anali onyowa.

Tinadya patasca pabwalo pomwepo, chimanga chofewa ndi nyama yambiri. Pambuyo pa milungu iwiri ya chakudya cha m'mapaketi ndinadya osachita manyazi, ndipo atandiwonjezera mbale yachiwiri sindinakane. Nolberto anandigunda ndi bondo pansi pa tebulo, n'kunong'ona kuti chibadwire sanaonepo mlendo wowonjezeredwa asanapemphe. Mtima wanga unakhala m'malo kwa nthawi yoyamba chiyambire kumudziwa mwamuna ameneyu.

*

Tikutsuka mbale, ine ndikutsuka iwo akupukuta, Mayi Eulogia analankhula ngati akupempha mchere.

"Ndiye undipatse mwala uja, mawa mmawa tikaubwezere."

"Mwala uti, amayi?"

"Wofiira uja unauika m'kathumba. Ndi umene ndinakuimirira. Koma munthu sungayambe nkhani usanapereke moni, ndiye poti moniwo sunabwere, nkhaninso inatsala."

Mbale inanditerereka m'manja, mwayi sinasweke. Nolberto, amene ankamwa tiyi pakhomo, anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Mwala wa kumpata? Yasna, unatola mwala pa apacheta ya bambo?"

Apacheta ndimawadziwa, milu ya miyala imene apaulendo amasiyapo mwala wawo popempha njira kwa phiri. Ndawaona ambirimbiri, aatali kuposa munthu. Koma uja unali waung'ono, wogumuka, ndipo m'galasi lokalika la chisoti unkangooneka ngati miyala yosonkhana yokha. Komanso ndikanafunsa ndani, poti ku Mars kulibe anthu? Safunsa anadya phula.

"Usachite mantha, sunadziwe," anatero amayi aja mofatsa. "Mulu umenewo ndi wa banja lino lokha. Mwamuna wa kwa Chocobar akamapita kukapempha mkazi, amayamba wakwera kumpata n'kusanjika mwala wake pa mwala wa bambo ake. Casimiro anaunyamula wofiirawo kuchokera pakamwa pa phiri penipeni, kuti ndione kuti si wamasewera. Unali pa wa bambo ake, wa bambo akewo pa wa agogo ake. Uyu asanjika wake mawa, ndiye Lamlungu tinyamuka. Popanda kutero sitingapite, phiri silingatipatse njira. Uli m'chikwama chako?"

"Uli... uli ndi katundu wa kumsasa, amayi."

"Chabwino, mukautenge. Ine ndikakonze za amayi ako." Analowa m'chipinda akung'ung'udza nyimbo ya ku Ayquina.

Ine ndi Nolberto tinatuluka mpaka kuseri kwa khola, komwe foni imagwira. Ndinatulutsa foni, koma nambala ya Maritza ndinaiphonya kawiri.

"Mabokosi anyamuka mmawa uja," ndinanong'ona. "Ndege ndi ya madzulo ano. Akafika uko amaucheka pakati, Nolberto, amaupala mpaka upyapyale ngati pepala."

"Imba."

Inaitana kamodzi kokha, ngati mwini wake anali ataigwira kale m'manja.

"Achemwali a ku Mars! Mwadya patasca?"

"Maritza, mabokosi akwera ndege?"

"Akwera onse. Ndasayinira ndekha."

Ndinatsamira khoma la khola. Nolberto anavula chipewa.

"Koma ngati ukufunsa za nambala 23," anapitiriza Maritza, mawu ake ali phee, "imeneyo sinakwere. Ili m'chikwama changa muno, pafupi ndi mafuta anga odzola."

"Unautulutsa? Maritza, zikomo, Mulungu aku..."

"Usafulumire kuthokoza. Mwala umenewu ndinauzindikira tsiku lomwelo, dzanja lako lisanaukhudze n'komwe. Ndadyetsa malama pa mulu umenewo kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkaupukuta fumbi ndi diresi langa, ndikudziuza kuti tsiku lina wina adzasanjikapo wake chifukwa cha ine."

"Ndiye unandisiya ndiutole."

"Ku Mars kulibe apacheta, achemwali. Nolberto ali pompo? Ndikumumva akupuma. Umuuze kuti ndili kwa azakhali anga ku Calama, akudziwako. Abwere mawa adzautenge. Yekha. Ukakwera nawo galimotoyo, Lolemba mwala uli pa macheka, ndipo ndidzanena kuti unatsalira mwangozi."

Foni inaduka. Nolberto ankandiyang'ana, ine ndinkayang'ana foni. Lama wamkulu uja anatulutsa mutu pamwamba pa khoma, akubzikula, ulusi wofiira ukulendewera m'makutu.

"Sindipita," anatero Nolberto.

"Ukapanda kupita, mwala wa bambo ako uchekedwa chifukwa cha ine."

"Ndikapita?"

Ku Calama ndi maola awiri ndi theka, ndipo Maritza anali atakonzekera ulendo umenewu zaka makumi awiri.

Kunyumba kuja chitseko chinalira. Mayi Eulogia anaima pakhomo, nsalu ziwiri zoluka okha zili m'manja, ina yobiriwira, ina yofiirira, nkhope yawo ikuwala ngati ya mtsikana.

"Mpongozi!" anaitana mokweza, kuti ndi anansi omwe amve. "Mpongozi wanga, tabwera udzasankhe imene amayi ako angaikonde!"

Kachiwiri m'mlungu umodzi amayi aja anandiitana ine osayankha, ndipo ulendo uno ndinalibe chisoti chobisalamo.